Tsiku limene alamu anasesa mchenga

Ntchito yanga yoyamba yamapepala ku Dublin inali yolondera mbozi.

Ndisanaipeze ndinatsuka mapoto ku Rathmines, ndinanyamula makatoni kufupi ndi bwalo la ndege. Onsewo anali maganyu. Kuofesi yoona za obwera ankafuna kalata ya bwana yonena kuti ndili pantchito yokhazikika. Popanda kalatayo mkazi wanga sakanabwera. Anali ku Ntcheu, chaka chachisanu ndi chimodzi akundidikira. Ndiye nditamva kuti kugombe akufuna munthu wosaopa mvula, ndinapita. Sindinafunse zambiri.

Kuchokera ku Finglas ndi mabasi awiri, kenako wapansi, kudutsa kuseri kwa bwalo la gofu. Kumeneko kuli milu ya mchenga, italiitali ngati zulu za chiswe. Pakati pa milu iwiri pali kachigwa, kukula kwake ngati bwalo la ntchemberembaye. Anakazinga ndi chingwe chabuluu. M'katimo munali udzu wolasa, minga, ndi tizitsamba toyanga ta maluwa achikasu. Kwathu malo otere munthu amapitako mimba ikamuvuta.

Bwana anali mayi wachikulire, wamfupi, wa imvi zometa ngati mwamuna. Anali dokotala, koma wa tizilombo. Ndinkawatchula kuti madamu. Tsiku loyamba anagwada pamchenga, nandiuza kuti nanenso ndigwade. Anandilozera tsinde la udzu. Panamatirira kanthu kachikasu konga khoko la mtedza.

"Chikwa ichi," anatero m'Chingerezi, monong'ona ngati tili pamaliro. "Mbozi ili m'katimu. Ikatuluka idzakhala kadziwotche."

Anati mtundu umenewu suuluka usiku, suthamangira nyali. Umauluka dzuwa lili pamutu, wakuda, wa madontho ofiira. Anati m'dziko lonse unangotsala m'kachigwa kameneka. Ali mtsikana anakhala zaka zambiri m'chipululu cha kutali, kulondola abale ake a kachilomboka pamchenga wotentha.

"Kano ndi kachipululu kathu," anatero.

Mvula inali kutilowa m'khosi.

Malamulo anali atatu. Galu asalowe. Munthu asalowe. Dzanja langa lisakhudze kanthu m'kati mwa chingwe. Miyezi itatu yoyesedwa. Ikatha bwino, kalata.

Anandipatsa jekete lachikasu ndi kiyi wa kashedi ka zipangizo. M'mawa uliwonse ndinkazungulira chingwe kuwerenga zikwa ndi maso. Zinali makumi anayi ndi zitatu. Ndikatha ndinkaima. Ntchito yonse inali imeneyo, kuima ndi kukangana ndi eni agalu. Agalu a kuno amavala majuzi. Bambo wina anandiuza kuti galu wake wakhala akukodza m'kachigwamo zaka zisanu ndi zinayi ndipo ali ndi ufulu. Ndinati ufuluwo akakodzere uko. Anakandinenera kwa madamu. Madamu anandigulira khofi.

Lamlungu ndinkaimbira foni mkazi wanga kunyumba.

"Abambo, ntchito yatsopanoyo mukuti mukulondera chiyani?"

"Mbozi."

"Zakudya?"

"Ayi."

"Nanga akuba akazibe n'kupita nazo kuti?"

"Kulibe akuba."

"Ndiye mukulondera chiyani?"

"Mbozi."

Kenako anati wawauza azimayi a kutchalitchi kuti ndili ku zaulimi.

Mu Juni madamu anati kubwera alendo. Akuluakulu a tizilombo ochokera m'maiko anayi, pamodzi ndi a komiti imene inkapereka ndalama za ntchitoyo. Adzafika Loweruka, teni koloko. Lachisanu lonse madamu adzakhala ali kubwalo la ndege ndi kuhotela, kuwalandira.

Lachisanu lomwelo ndilo tsiku limene loya anandipatsa kuti ndikasaine mapepala a mkazi wanga. Ndinali nditadikira tsikulo miyezi inayi. Ndikanatha kupempha madamu. Sindinapemphe. Ndinali nditapempha kale kawiri za dzino, ndipo munthu woyesedwa sapempha katatu. Komanso wailesi inati kudzawala dzuwa. Dzuwa likawala kuno mzinda wonse umavula malaya n'kuthamangira kugombe ndi agalu. Chingwe sichikanatsala chokha.

Ndinaimbira alamu.

Alamu ndi achimwene ake a mkazi wanga. Kumudzi anali ahedi a sukulu ya pulayimale zaka khumi ndi zisanu. Sukulu yawo inkapambana paukhondo m'dera lonselo, ndipo amanena zimenezi kwa aliyense, ngakhale kwa dalaivala wa basi. Kuno amasambitsa nkhalamba ku Santry. Amapita kushifiti atamanga taye. Ine ndinalekeza Sitandade 6. Amandikumbutsa mwaulemu.

Anafika eyiti koloko, ambulera m'manja. Ndinawaveka jekete pamwamba pa taye. Ndinawauza malamulo atatu aja, kawiri.

"Ndamva, alamu, ndamva. Ndinayang'anira ana eyiti handiredi. Mbozi zingandikanike?"

Anayang'ana m'kati mwa chingwe, nakwinya mphuno.

"Pantchito panu ndi pano?"

"Pano."

"Abwana anu amafika pano, n'kuona chonchi?"

"Amakonda chonchi."

"Hmm."

Ndikanangochoka pamenepo. Koma pakamwa panga, pamene tsiku lonse pamakhala potseka, panatseguka.

"Muonetsetse. Mawa kukubwera alendo."

"Alendo?"

"Ochokera kunja."

"Akuluakulu?"

"Eya."

Anavula magalasi, nawapukuta ndi taye. Ndinawasiyira kiyi wa shedi kuti mvula ikagwa abisale. Ndinathamangira basi.

Kwa loya ndinakhala pampando maola atatu, kusaina mphindi zisanu. Anandikumbutsa kuti chatsala ndi kalata ya bwana yokha. Ndinatuluka wopepuka. Ndinagulira alamu fanta ndi mabanzi.

Ndinafika kugombe cha m'ma faifi. Ndili poimika magalimoto ndinaona miyala. Inandanda mbali zonse ziwiri za kanjira, yopakidwa penti yoyera, yofanana kukula, mpata wake wofanana. Pagombe limenelo palibe miyala. Ndiye kuti alamu anaituta ndi wilibala kuchokera kukhoma lotchinga nyanja. Penti inali ya mushedi, yopakira mitengo ya chingwe.

Ndinayenda pakati pa miyalayo ngati nduna.

Kachigwa kanali mbee. Magawo awiri mwa atatu, udzu kulibe, minga kulibe, maluwa achikasu kulibe. Mchenga wokhawokha, wosesedwa. Mizere ya tsache inkaoneka bwinobwino, yokhota ngati mamba a nsomba, mmene amasesera atsikana a Sitandade 8 kukamabwera woyendera sukulu. Pakhomo anayala zigoba za nkhono kulemba mawu olandira alendo. Pangodya panali mulu wa zinyalala wofika m'chiuno.

Alamu anakhala pa wilibala, atavula malaya, taye ili m'khosi. Manja anali matuza okhaokha. Nkhope inkawala.

"Mbali iyo yandikanika, msana," anatero. "Timalize limodzi dzuwa lisanalowe."

Ndinaika fanta pansi.

"Alamu."

"Musathokoze. Ndachitira mlongo wanga."

"Ndinati musakhudze."

"Munatero, inde. Koma ine ndakhala ndi azungu kuposa inu. Mzungu sakuuza kuti sesa. Amangoyang'ana, n'kulemba m'buku. Mawa alendo akanafika pathengo ngati paja, akanati mlonda wake ndani? Mukanachotsedwa, alamu. Mlongo wanga akanakalambira ku Ntcheu chifukwa cha ulesi."

"Mbozi zili kuti?"

"Mbozi sindinaione ngakhale imodzi. Ndinayang'ana."

"Zikwa. Pa udzu."

"Timakoko tija?" Analoza mulu ndi chibwano. "Ndimati nditenthe, koma udzu ngwauwisi. Machesi atha bokosi lonse. Kuno parafini amagulitsa kuti?"

Ndinagwada pamulu n'kuyamba kufatsa udzu, tsinde limodzilimodzi. Alamu anandiyang'ana kanthawi. Kenako anafunsa kuti kodi timakokoto ndiye ntchitoyo. Ndinati ndiye ntchitoyo, ndiye kalatayo, ndiye mlongo wanu. Anatsika pa wilibala, nagwada.

Mwezi umenewo dzuwa la kuno limaiwala kulowa. Tinafufuza muluwo mpaka utatha. M'mbali imene sanafikemo munatsala zikwa zisanu ndi zinayi. Mumulu tinapeza makumi awiri ndi ziwiri zamoyo, kapena zooneka zamoyo. Zina zinali zitaphwanyika. Zina sitinazione konse.

Chikwa sichikhala pansi. Chimafuna tsinde loimirira. Matsinde anali atadulidwa.

"Timitengo ta kanyenya," anatero alamu. "Kusitolo yaikulu ija amagulitsa."

Anapita okha, nabwera ndi mapaketi awiri ndi ulusi wotokosera m'mano. Tinamangirira tsinde lililonse pa kamtengo kake. Ine ndinkamanga, iwo ankazika. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti azika m'mizere iwiri, khumi ndi chimodzi uku, khumi ndi chimodzi uko, mpata wa phazi limodzi.

"Alamu, mwazani. Ziwoneke ngati zamera zokha."

Anazula, nazikanso. Inatuluka mizere itatu.

"Dzanja likukana," anatero.

Ndinawasiya.

Tinayesa kubwezera udzu. Udzu wodulidwa subwerera. Tinaumwaza pamchenga, mphepo inaukokolola n'kuuunjika pachingwe. Alamu anatola tsache kuti auchotsepo. Ndinawalanda tsachelo n'kuliponya padenga la shedi.

Pa basi alamu anati, "Tinene kuti ndi anyamata oledzera."

"Oledzera sapaka miyala penti."

"A kuno mwina."

"Ayi."

Loweruka ndinafika sikisi koloko. Alamu anafika seveni, atavala suti yakuda ya pa Khirisimasi. Ndinati mukudzatani. Anati mlandu wa banja sasiyira mkamwini yekha.

Madamu anafika eyiti, okha, atanyamula mafulasiki a tiyi wa alendo. Ndinawaona akuima pa mwala woyamba. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anaukankha ndi nsapato. Kenako anayenda msangamsanga, kenako anathamanga. Sindinkadziwa kuti amatha kuthamanga.

Pachingwe anaima. Mafulasiki anagwa.

Ndinanena ndisanafunsidwe. Ndinati dzulo ndinachoka osapempha. Ndinasiya mlamu wanga. Ndinamupatsa kiyi. Wasesa.

"Wasesa," anabwereza madamu.

"Eya."

"Mchenga."

"Eya."

Alamu anakhosomola, namanga batani la jekete. Anayamba ndi kuthokoza madamu chifukwa cholemba ntchito mlamu wawo, munthu wosaphunzira kwambiri koma wokhulupirika. Anafotokoza kuti kwathu mlendo salandiridwa pathengo. Anafika mpaka pa nkhani ya sukulu yawo ndi mphoto zaukhondo. Chingerezi chawo ndi chabwino, cha m'mabuku. Madamu sankamva. Analowa pansi pa chingwe, nayenda chokwawa kutsata mizere ya timitengo, kuyang'ana chikwa chilichonse ndi galasi lawo lokuzira. Pa kamtengo komaliza anakhala pansi, miyendo tambalale, ngati mwana. Anatukwana. Anatukwana motalika, mawu ena sindinawamvepo ngakhale kumakatoni. Sankatukwana ife. Ankayang'ana nyanja.

Atatha anafunsa, "Wamanga ndani?"

"Ine."

"Mitu ya zikwa yaloza kumwamba yonse. Unadziwa bwanji?"

"Ndimaziona tsiku lililonse."

Anatembenukira kwa alamu. "Inu bambo, pitani kwanu. Musadzapondenso gombe lino. Gombe lililonse."

Alamu anawerama pang'ono, napita. Podutsa anawongola mwala umene madamu anaukankha.

Alendo anafika teni koloko, anthu asanu ndi atatu a zipewa ndi makamera. Anayenda pakati pa miyala yoyera akumwetulira. Mayi wina anajambula zigoba za nkhono. Atafika pa timitengo anazungulira, nagwada onse. Bambo wina wandevu, wamtali ngati mlongoti, anatulutsa tepi n'kuyeza mpata wa pakati pa timitengo. Anafunsa madamu kuti njira imeneyi anaiyamba liti, ndipo chifukwa chiyani mizere itatu. Madamu anati inayamba dzulo. Wandevu analemba m'buku. Anafunsa ngati ulusiwo ndi wamtundu wapadera. Madamu anandiyang'ana.

"Wa m'mano," ndinatero.

Analembanso.

A komiti okha ndiwo sanagwade. Anatengera madamu pambali. Ndinaona manja akuloza mchenga, kenako akuloza ine.

Alendo atapita madamu anatola mafulasiki awo.

"Kalata palibe," anatero. "Ntchito yako itha kumapeto kwa mwezi. Mpaka tsikulo uzibwera. Timitengo timeneti tikagwa ndi mphepo, uzitidzutsa."

Ndinati chabwino.

Lamlungu ndinaimba foni. Ndinanena mwachidule. Mkazi wanga anafunsa mafunso awiri okha.

"Achimwene anasesa?"

"Anasesa."

"Anapakanso miyala?"

"Anapaka."

"Anachitanso zomwezo pamaliro a bambo. Anasesa mpaka manda a eni ake." Anapuma. "Ndiye kuti sindibwera."

"Sindikudziwa."

"Ndinagula kale jekete, abambo. Ya pakaunjika, yaubweya m'kati. Ana akundiseka nayo."

Mayunitsi anatha.

Masabata awiri ndinadzutsa timitengo. Mphepo ya kunyanja ikabwera ndinkagona chammbali pamchenga kuti thupi langa litchinge. Ndinazika makatoni, anauluka. Eni agalu ankaima pachingwe kundiyang'ana. Bambo wa galu waufulu uja anandifunsa ngati ndili bwino. Anandibweretsera sangweji. Alamu ankatumiza uthenga m'mawa uliwonse kufunsa kuti ana a pa timitengo ali bwanji. Sindinkayankha.

Lachiwiri lina, cha m'ma leveni, chikwa cha pamzere wapakati chinang'ambika kumutu. Kanatuluka kanthu konyowa, kokwinyika, konyansa. Kanakwera kamtengo ka kanyenya mpaka pansonga, n'kuima. Ndinaimbira madamu. Anafika ndi galimoto mapiko atawongoka kale. Akuda obiriwira ngati khosi la bakha, madontho ofiira. Kukula kwake ngati chala chaching'ono. Kanauluka molemera ngati kakhuta, n'kukatera pa duwa la mbali imene msana wa alamu unaipulumutsa.

Ndinayembekeza kuti ndimva kanthu. Ndinangoona kuti ndi kachilombo. Madamu ankalira.

Sabata imeneyo anatuluka khumi ndi anayi pa timitengo, asanu ndi awiri pa udzu. Ena sanatuluke.

Tsiku lomaliza la mwezi ndinapinda jekete, ndinaika kiyi pamwamba. Madamu anandipeza kushedi. Sanalandire.

Anati akadziwotche atuluka, inde, koma poikira mazira pachepa. Mbozi zake zimadya tizitsamba ta maluwa achikasu tokha. Kuti tizitsambato timerenso tokha pangapite zaka zambiri, ndipo mtunduwo sungadikire. Tizitsambato tiyenera kudzalidwa ndi manja, kamodzikamodzi, pamodzi ndi udzu wogwira mchenga. Ntchito ya zaka zitatu. Anati kwa nthawi yaitali ankapempha komiti ndalama zolembera mlonda wokhazikika, ndipo inkakana, chifukwa malo abwinobwino safuna ndalama. Tsopano malo awonongeka. Ndalama zokonzera malo owonongeka zilipo, thumba lake lina.

"Ndinafunsa anthu atatu," anatero. "Palibe akufuna kugwada pamvula zaka zitatu. Ndipo iwe ukudziwa pamene panali chitsamba chilichonse."

Anatulutsa envulopu m'thumba la jekete, yopindika, yothimbirira khofi pangodya.

"Usathokoze. Sindinakukhululukire."

Sindinathokoze. Ndinaitsegulira pa basi. Inati ndalembedwa ntchito yokhazikika. Pa dzina la ntchito panali mawu aatali amene sindinawamvetse. Loya anandimasulira. Anati tanthauzo lake ndi wodzala thengo.

Mkazi wanga anafika mu Malichi, atavala jekete ija. Inali yayikulu, manja osaoneka. Alamu anabwera kubwalo la ndege ndi suti. Kutchalitchi amauza anthu kuti ntchito anandipezera ndi iwo. Sinditsutsa. Kugombe sapita, ngakhale ana a kwaya akakonza ulendo. Amatsala m'basi.

Ine ndikadali pamaondo. Mbewu timafesa m'timapoto kuseri kwa shedi, ndimathirira, ndimawokera, theka limafa. Madamu amabwera Lachitatu kudzawerenga zimene zafa. Udzu ndi wovuta kudzala.